Tinsapato ta Mayi Hermelinda

Tayesani kulota: amavala ndani nsapato zimene mayi Hermelinda Treviño amagula mwezi uliwonse akawolokera ku America? Ndi tinsapato tochepa ngati chala chachikulu cha kudzanja. M'nyumba mwawo muno mu Zaragoza, ku Mexico, mulibe khanda, ndipo mdzukulu wawo wotsiriza anamera kale ndevu. Koma akamatsika minibasi pobwerako, m'chikwama mwawo simulephera kupezeka tinsapato tatsopano.

Amuna awo, malemu bambo Apolinar, anagwira ntchito pafakitale yodula nyama ku Texas mpaka zala zinapindika. Atamwalira, boma la kumeneko linayamba kutumiza penshoni kwa mkazi wawo. Koma popeza mayi Hermelinda sanakhaleko ku America, penshoniyo inabwera ndi chingwe chake: mwezi usanakwane chipondereni komaliza, anayenera kukapondanso nthaka ya dzikolo, ngakhale kwa kanthawi kochepa, n'kukaonekera ku ofesi ya penshoni ku Eagle Pass, tauni ya kutsidya kwa mlatho wa pamalire. Tsiku loti ofesi yatseka, kalaliki ankalandira lisiti la m'sitolo lokhala ndi deti ndi dzina. Koma wophonya tsikulo, mankhwala ake anali amodzi okha: kukakhala kutsidyako mwezi wathunthu osatuluka. Apo ayi, pakapita nthawi penshoni inkaima.

Mwezi wathunthu! Ndipo kutsidyako mayi Hermelinda anali ndi nyumba imodzi yokha yofikira, ya mlamu wawo Eduviges, mlongo wake wa malemu. Mayi ameneyu anakuta mipando yake yonse ndi pulasitiki, ankadyera patebulo limodzi ndi kagalu kake, ndipo mpaka lero amauza aliyense kuti mchimwene wake akanakhala moyo akanakwatira mkazi wodziwa kuphika. Mayi Hermelinda ankanena kuti kuli bwino kugona mwezi m'khola la mbuzi.

Amayi amasiye otere m'tauni muno alipo atatu, ndipo amadzitcha Akazi a Boma. “Amuna athu atsopanowa ndi abwino,” amatero mayi Tencha, wamkulu thupi ndi mawu omwe. “Saledzera, saliza mkonono, amangofuna kutiona nkhope kamodzi pamwezi.” Wachitatu ndi mayi Cuquita, wamng'ono ngati mpheta, amene korona sichoka m'manja mwake. Amayenda pa minibasi ya bambo Fidencio.

Chaka china minibasi inafa injini kumapeto kwa Januwale. “Mawa,” ankatero bambo Fidencio ali chagada pansi pake. Mawa anabala mawa mnzake, mpaka ulendo unagwera pa tsiku lenileni lomaliza, lomwenso linali tsiku la makandulo, pamene aliyense amanyamula chifanizo cha Mwana Yesu cha m'nyumba mwake kupita nacho ku Misa atachiveka zovala zatsopano.

M'mawa wa tsikulo mayi Hermelinda anadzuka akuimba. Anavala diresi la buluu, anadzola mafuta onunkhira, n'kupita pakabati kukatenga khadi lawo lowolokera malire. Khadilo ankalisunga malo amodzi nthawi zonse: pansi pa kamtsamiro ka kampando kamene Mwana wa m'nyumba mwawo amakhalira. Nzeru yake inali yakuti palibe mbala, ngakhale yoipa chotani, imene inganyamule Ambuye n'kuyamba kufufuza pansi pawo.

Pakabati panali mbee. Panatsala timabala tinayi m'fumbi, pomwe panali miyendo ya kampando.

Nyimbo inathera pakhosi. Anakumbukira. Pa tsiku la Mafumu Atatu, podula buledi wa mwambo, kadoli kobisika m'kati kanapezeka m'chidutswa cha mnzawo Chayo. Wopeza kadoli ndiye amaveka Mwana chaka chimenecho, kupita naye ku Misa, ndi kuphika matamale, timitanda ta ufa wa chimanga ndi nyama tokulunga m'makoko. Ndipo kuyambira pamenepo iye ndi mwini Mwana amaitanana kuti komadre. Chayo anali atabwera sabata yapitayo, n'kumutenga Mwana ndi kampando kake komwe. Ndipo Chayo amakhala ku Eagle Pass.

Panja hutala inalira.

“Fulumirani, mkazi wa boma!” anakuwa mayi Tencha pazenera la minibasi. “Amuna athu akudikira!”

Mayi Hermelinda anatuluka ali manja kumutu. “Khadi langa lawoloka.”

“Lawoloka bwanji inu muli pano?”

“Lapita ndi Mwana. Lili ku America. Ine ndatsala.”

Kenaka mayi Tencha anaphulika ndi phwete, minibasi yonse kugwedezeka. “Mwamva, a Fidencio? Khadi latopa kudikira injini yanu, lanyamuka lokha!”

“Musaseke, achemwali,” anatero mayi Cuquita akudzilemba chizindikiro cha mtanda, koma nawonso mapewa akunjenjemera. “Kwerani, a Hermelinda. Timuimbira Chayo panjira, abwere nalo pamlatho.”

Anaimba akutuluka mu Zaragoza, foni inangolira. Anaimba akudutsa minda ya mtedza wa m'mitengo, inangoliranso. Chayo anali ku Misa, ndipo Chayo akakhala ku Misa ngakhale nyumba yake itapsa amamva pambuyo pa dalitso lomaliza.

“Musadandaule,” anatero mayi Tencha akusenda lalanje. “Zikavuta, a Eduviges ali ndi sofa yabwino. Akuti ukagonapo pulasitiki amakuimbira nyimbo usiku wonse.”

“Tencha, ndikuponya kunja.”

“Mungandinyamule?”

Atafika ku Piedras Negras, tauni ya pamalire mbali ya Mexico, anagwirizana chochita. Mayi Tencha ndi mayi Cuquita awoloke, akaonekere ku ofesi, kenaka athamangire kutchalitchi kwa Chayo. Mayi Hermelinda anatsala kumayambiriro kwa mlatho, pafupi ndi bambo wina wootcha chimanga, foni ili m'manja ngati dzira. Tsidya la mtsinje ankaiona America yonse ili poteropo: mbendera, thanki ya madzi, madenga a masitolo. Munthu wamphamvu akanatha kuponyako mwala.

Dzuwa litafika pamutu foni inalira.

“Tafika!” Anali mayi Tencha, akupuma mwawefuwefu. “Misa yatha, anthu ali muholo akudya. Koma a Hermelinda, Ana ali pano ndi ambiri ngati nyerere! Awandandalika pamatebulo. Wina avala ngati dokotala, wina ngati Papa, wina ngati wosewera mpira. Wanu ndi uti?”

“Wamasaya ofiira, wa kachala kothyoka!”

“Onse ndi amasaya ofiira! Cuquita, yamba kumapeto uko, uzinyamula mmodzimmodzi. Upepese kaye usananyamule.”

Mayi Hermelinda anamva patali kamawu ka mayi Cuquita: “Pepani, Ambuye... pepani, Ambuye... pepaninso, Ambuye...” Kenaka mawu aukali a mayi wina: “Inu, mukufuna chiyani pansi pa mkanjo wa Mwana wanga?” Kenaka mawu a bambo, mwina katekisiti, akufunsa ngati amayiwa anali bwinobwino m'mutu.

“Kamtsamiro kobiriwira!” anakuwa mayi Hermelinda. “Ndinasoka ndi malaya a malemu!”

Wootcha chimanga anasiya kukupiza moto, n'kusendera pafupi kuti amve bwino.

“Kobiriwira... kobiriwira... Aka! Tamupeza! Koma ndiye atchena, a Hermelinda! Cuquita, nyamula. Kweza kamtsamiro.” Kenaka anati, “Palibe.”

“Mwati bwanji?”

“Palibe kanthu. Pali kabatani basi.”

Mayi Hermelinda anayang'ana uku ndi uku kufuna pokhala. Wootcha chimanga anawakokera ndowa yozondotsa, iwo n'kukhalapo. M'makutu mwawo anayamba kumva kulira kwa pulasitiki wa pasofa.

Pamenepo pafoni panamveka mawu ena, okoma ngati uchi. Anali Chayo, atatuluka kukhitchini.

“Komadre! Khadi lija? Musade nkhawa, ndinaliona tsiku lomwelo. Komadre, ndinalira!”

“Munaliona? Osandiimbira bwanji?”

“Ndiimbe chifukwa chiyani? Ine si mwana. Anthu amaika kwa Mwana zithunzi za ana awo ali kunkhondo, ena tizingwe ta kuchipatala, ena makiyi a nyumba. Nditaona nkhope yanu pansi pake ndinati, taonani komadre wanga, wamanyazi, miyendo yayamba kumuvuta pa maulendo a mwezi ndi mweziwa, wapereka pempho lake mwakachetechete. Ndiye ndinasiya mkanjo woyera umene munanena uja. Ndamuveka ngati wapaulendo! Kachipewa ka nthenga, kandodo, kachipanda ka madzi, kadengu, tinsapato tachikopa. Khadi lanu lili m'kadengu, ndalimanga ndi riboni. Bambo mfumu aliwaza madzi odalitsa mpaka kudontha.”

“Komadre, limenelo si pempho! Ndi posungira chabe!”

“Mumasunga mapepala pansi pa Ambuye?”

“Nanga ndisunge kuti? Chonde, mupatseni Tencha abwere nalo. Dzuwa likupendeka!”

“Iyayi,” anatero Chayo, uchi uja utauma. “Pempho likadalitsidwa, wochotsa ndi mwini wake yekha. Wina akachotsa, ndiye kuti walanda. Ine tchimo limenelo sindisenza.”

“Ndiye abwere naye Mwanayo!”

“Tencha? Amunyamule kukhwapa ngati thumba la anyezi? Mwana amabwerera kwawo m'manja mwa womuveka, ndi nyimbo, ndi makandulo. Dikirani pomwepo, komadre. Tikubwera mwadongosolo.”

Foni inaduka. Wootcha chimanga anapukusa mutu, n'kuwapatsa chimanga chimodzi chaulere.

Mayi Hermelinda sanathe kukhala. Anaponya kandalama pachipata cha oyenda pansi, n'kuyenda mpaka pakati pa mlatho, pamene pali chikwangwani chosonyeza pothera Mexico. Kuyambira pomwepo mzere wa anthu olowa mu America unali utatambalala ngati njoka yokhuta, wosasuntha. Anaima, chimanga m'manja, mphepo yozizira ikuwomba diresi la buluu. Anayang'ana mzere, anayang'ana dzuwa. “Mwana wanga,” ananong'ona, “ndikudziwa kuti ndinakusandutsani bokosi losungiramo mapepala popanda kupempha. Koma mukandipondetsa nthaka ija lero, ndidzakulipirani mwezi uliwonse mpaka imfa. Chimene mufune mundionetse nokha.”

Choyamba anamva nyimbo. Kenaka anawaona. Patsogolo panali Chayo, atavala nsapato zazitali za ku Misa, akuyenda pang'onopang'ono ngati mkwatibwi, Mwana ali pathireyi ndi kampando kake. Kumanja kwake mayi Cuquita ankateteza kandulo ndi chikhatho. Kumanzere mayi Tencha anasenza chimphika cha matamale, chifukwa Chayo anati mwambo sukwana popanda mwini Mwana kulawa. Pambuyo pawo panali theka la mpingo, anthu amene anamva nkhaniyi muholo ndipo sanafune kumva mathero ake kwa ena. Ndipo kumapeto kwenikweni, kagalu kakusuzumira m'chikwama chake, ankabwera Eduviges.

“Fulumirani!” anakuwa mayi Hermelinda akugwedeza chimanga m'mwamba.

“Yatsala ndime imodzi!” anayankha Chayo, osaphonya mayimbidwe.

Eduviges anadutsa onse, n'kufika poyamba. Anapsompsona mpweya pafupi ndi tsaya la mayi Hermelinda. “Mlamu, ndamva za tsoka lanu. Musavutike, sofa ndapukuta kale. Ndipo mwezi ndi wokwanira kuti ndikuphunzitseni kuphika nyemba.”

Mawu amenewa anawalowa mayi Hermelinda ngati tsabola m'mphuno. Anamupatsa Eduviges chimanga chija m'manja, n'kuthamangira gulu loimba. Chayo ataona munthu akubwera ngati ng'ombe yolusa anafuna kuima, koma chidendene cha nsapato yake chinalowa mumng'alu wa simenti. Thireyi inapendekeka. Mpingo wonse unakuwa ndi mawu amodzi. Mwana ananyamuka pakampando, kachipewa patsogolo, ndipo mayi Hermelinda, amene anali asanawakhepo kanthu chiyambire, anamuwakha ndi manja awiri n'kumukumbatira pachifuwa.

Chinthu chimodzi chokha chinapitirira ulendo. Kansapato ka phazi lamanzere kanagubuduzika pasimenti, kanadutsa pansi pa waya wa m'mbali mwa mlatho, n'kutsika. Anthu onse anaunjikana pawaya kukaperekeza ndi maso mpaka kanati chubwi mumtsinje.

“Kapita ku nyanja,” anatero mayi Tencha. “Kameneko sikafuna khadi.”

Mayi Hermelinda anamasula riboni ndi mano. Khadi linali lonyowa, koma nkhope inali yawo. Analipsompsona, anapsompsona Mwana, anapsompsonanso Chayo. Kenaka anatembenuka n'kuona mzere uja. Sunasunthe ngakhale phazi limodzi.

“Apa mufika mawa, mlamu,” anatero Eduviges mokoma mtima.

Mayi Tencha anatula chimphika pansi kuti apume, ndipo anachiyang'ana kwa kanthawi. “Chayo, mwaika nyama yanji?”

“Ya nkhumba. Matamale a tsiku la makandulo n'kuikamo chiyaninso?”

“Ndiye chimphikachi sichibwereranso. Chatuluka kale pachipata cha America. Nkhumba yochokera mbali ino a pamalire salola, akataya zonse m'bini.”

Chayo anagwira pamtima. “Ndaphika kuyambira dzulo!”

“Ndiye zidyedwe pompano.” Mayi Tencha anavundukula. Nthunzi inakwera, fungo linayenda ndi mphepo mpaka kumutu kwa mzere, ndipo makosi onse anatembenuka. Anthu amenewa anali ataima kuyambira m'mawa. Mayi Tencha anakweza mawu awo aja amene amamveka tauni yonse: “Abale! Mwana uyu wataya nsapato ndipo akuzizidwa. Mayi uyu akapanda kuwoloka lero akagona mwezi kwa mlamu wake, uyo wanyamula galuyo. Amene ali ndi mlamu akudziwa. Wotipatsa njira, tamale m'manja!”

Kuseka kunayenda mumzere ngati moto wa kutchire. Mnyamata wina wa chipewa chachikulu anasendera pambali, natambasula dzanja. Mayi wina wa ana awiri anachita chimodzimodzi. Basi njira inatseguka. Mayi Hermelinda anali patsogolo, Mwana pachifuwa. Mayi Tencha ndi Chayo ankagawa kumanja ndi kumanzere. Mayi Cuquita ankadalitsa aliyense ndi kandulo yozima. Bambo wina wokalamba anakana kusuntha, nati iye lamulo ndi lamulo. Anamupatsa awiri. Anasuntha.

Pofika pakhomo la a pamalire chimphika chinali mbee. Wapolisi anatenga khadi, analipukuta pamalaya, anayang'ana nkhope, kenaka anayang'ana wapaulendo wa phazi limodzi losavala.

“Nanga bwanawa mapepala awo ali kuti?”

“Amenewa ndi eni ake a mbali zonse ziwiri, mwanawe,” anayankha mayi Tencha kumbuyo.

Wapolisi analuma mlomo kuti asaseke. “Cholinga cha ulendo, mayi?”

“Kuponda.”

“Pitani mukaponde.”

Anaponda. Anaponda ndi phazi lamanja, anaponda ndi lamanzere, anadumphanso pang'ono kuti nthaka iwamve. Kenaka anautaya, liwiro la mtondo wadooka, diresi la buluu likuuluka, mpingo uli pambuyo. Anakhota pakona ya banki, anadutsa sitolo ya nsalu, anafika pa ofesi ya penshoni, n'kukankha chitseko.

Chinali chokiya. M'kati nyale anali atazimitsa.

Mayi Hermelinda anatsamira galasi. Eduviges anafika mosafulumira, atamaliza chimanga chija. “Pepani, mlamu. Mwayesetsa. Tiyeni tikagule mswachi.”

“Kugula,” anatero mayi Cuquita. “A Eduviges anena zoona. Tiyeni tikagule. Lisiti, achemwali! Dzuwa silinalowe, deti ndi lomweli.”

Nkhope ya Eduviges inagwa ngati nsalu yonyowa.

Tsidya la msewu kuli kasitolo ka bambo Nemesio, wogulitsa makandulo, makorona ndi zovala za zifanizo. Amawadziwa Akazi a Boma, ndipo cholembera chake chimakhala kukhutu. Anali akutsitsa chitseko pamene mayi Tencha anaika phazi pansi pake. Mpingo wonse unalowa, osakwanamo anakanikiza mphuno pazenera.

“Chilichonse, bambo Nemesio!” anatero mayi Hermelinda akuwefuka. “Chilichonse, bola lisiti, deti la lero ndi dzina langa lonse!”

“Chilichonse kulibe m'sitolo muno, mayi. Sankhani.”

Anayang'ana makandulo, anayang'ana makorona. Kenaka anamva kanthu kozizira kakukhudza dzanja lawo. Anayang'ana pansi, anaona kuti ndi kaphazi kosavala kaja, ndipo anakumbukira mawu amene ananong'ona pakati pa mlatho. Anaseka mpaka misozi kutuluka, n'kuloza kabokosi kena kuseri kwa galasi.

Sabata yotsatira kalaliki wa penshoni analandira lisitilo, atamva kale nkhani yonse kwa azakhali ake amene anadya nawo pamlatho. Sofa ya Eduviges inakhalabe yopukuta, yopanda wogonapo. Khadi masiku ano limagona m'chitini cha khofi. Koma lonjezo ndi lonjezo, ndipo mwezi uliwonse, akachoka ku ofesi, mayi Hermelinda amawoloka msewu kupita kwa bambo Nemesio.

Tinsapato tija amavala ndi Mwana Yesu wa pakabati pawo.